Chingwe cha a Luhanga

Lolemba, 5 Juni 1989

Kuzizira kwa kuno n'kwachipongwe. Zala zikukanika kugwira bolopeni.

Miyezi inayi tsopano chifikire pa kachipatala kano, ndipo a Chavula akundiyesabe munthu wongodya malipiro a boma. Iwowo ndiye mkulu wa pano. Zaka makumi atatu akubaya anthu jakisoni, mpaka aliyense amangoti adokotala ngakhale si dokotala. Ine Mabel wa ku Ntcheu, namwino wa matenda a maganizo, zaka ziwiri ndikuswa mutu ku chipatala cha amisala ku Zomba, anandipatsa kachipinda komwe ankasungiramo matsache ndi ndowa. Mipando iwiri ndinachita kukapempha kutchalitchi. Akamadutsa pakhomo amati, "Sisita, lero muchiza angati ndi macheza anuwo?" Ndimamwetulira. Zomwe ndimawayankha mumtima sindingaziuze abusa.

Cha m'ma 10 kwafika ngolo kuchokera cha ku Katowo. M'ngolomo bambo wa zaka ngati makumi asanu, jekete ndi tayi, manja atamangidwa kumbuyo ndi chingwe cha ng'ombe. Tayi ndithu! Dzina ndi a Horace Luhanga, mphunzitsi. Wawabweretsa ndi mlongo wawo Kezia, mayi wamtali wa pakamwa pakuthwa.

Nkhani yake: aphunzitsa ku Dowa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Litatuluka lamulo lija loti aphunzitsi a kumpoto abwerere kwawo, anawakweza lole. Mkazi wawo Ida ndi ana atatu anatsala, malume a anawo anakaniza. Chibwerere sadya bwino, sagona, kusukulu komwe anawatumiza anapitako masabata awiri basi. Dzulo Kezia anawapeza kuseri kwa chigafa atakhala pansi, botolo la mankhwala opopera fodya lili pamiyendo.

A Chavula sanafunse funso ngakhale limodzi. "Wamisala uyu. Jakisoni wa lagakitilo womufooketsa, kenako Zomba." Ndinati ayi, wodwala maganizo ndi wanga, ndimuone kaye. Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Masabata awiri," anatero. "Mukalephera, Zomba."

Mfundo inali yolimba, ndinachita kudula ndi sizasi ya mabandeji. Kezia anakuwa kuti ndawononga chingwe cha ng'ombe zawo. Ndachiponya m'kabati, akachifuna adzachipeza momwemo.

Lachiwiri, 6 Juni

Ndinawalowetsa m'kachipinda kanga. Tebulo ndinalikankhira pambali, ndinakhala pampando wofanana ndi wawo monga tinaphunzirira. Ndinadzitchula dzina, ndinafotokoza ntchito yanga: sindimanga munthu, sindiweruza, ndimamvetsera. Zomwe munene muno zithera muno. Mawu amenewa ndawanena kambirimbiri moti amangotuluka okha ngati pemphero la pachakudya.

Yankho m'Chitumbuka: "Nkhupulika yayi." Ati sakumva. Munthu woti waphunzitsa ana a ku Dowa zaka zonsezi, lero sakumva Chichewa! Koma nkhope ndinaisunga bwino. Tinakhala chete mphindi makumi anayi, iwo akuyang'ana pawindo, ine ndikuyang'ana tayi wawo. Nthawi itakwana ndinati zikomo, mawa nthawi yomweyi.

Kezia amafuna azilowa kuti azimasulira. Ndakana. Munthu sanganene za kumtima mlongo wake ali pomwepo akumuwerengera mawu. Anati, "Imwe asisita, mudumbu wane mukumudziwa kuposa ine?" Ndinamuuza kuti ntchito yake ndi iyi: atumize mawu kumudzi, mabotolo onse a mankhwala a fodya akasungidwe kwa anthu ena. Ndipo pano pa wodi asawasiye okha, ngakhale kuchimbudzi pakhale wowaperekeza. Anatsonya n'kumapita.

Lachitatu, 7 Juni

Chete winanso, mphindi makumi anayi. A Chavula pakhomo: "Macheza akukoma?" Ambuye ndigwireni pakamwa.

Lachinayi, 8 Juni

Podutsa kukhitchini ya odikirira odwala, amayi anasiya kuseka. Mmodzi ananong'ona, "Wakulemba vyose, yura." Chitumbuka changa n'chochepa koma izi ndamva: amalemba zonse, uja. Ndiye kuti akundiyesa kazitape. Ine amene ndinalira masiku atatu nditalandira kalata yondituma kuno! Akanadziwa mmene ndikufunira kukwera basi n'kusadzaonanso mapiri awa.

Lero sindinadikire. Ndinati, "A Luhanga, ndikufunsani mosabisa. Tsiku lija kuseri kwa chigafa, mumafuna kudzipha?" Ku Zomba anatiuza kuti funso ili lisamazunguliridwe. Kufunsa sikuika maganizowo m'mutu mwa munthu, amakhala ali nawo kale.

Anatembenuka. Koyamba kundiyang'ana kumaso. Ndipo chinatuluka Chichewa chosalala, cha ku Dowa chenicheni, choposa changa.

"Ndinatsegula botolo. Linanunkha. Ndinatsekanso."

"Nanga lero maganizowo alipo?"

"Lero mlongo wanga akundilondera ngati mbuzi yakuba chimanga."

Ndinati limenelo si yankho. Anati alipo, koma ali patali. Ndinapempha tayi ndi lamba. Lamba anapereka msanga. Tayi anamasula pang'onopang'ono, anamupinda bwinobwino, n'kundipatsa ndi manja awiri. Ali m'kabati limodzi ndi chingwe.

Kenako anandiloza fayilo. "Mukulembamo chiyani?"

Ndinawauza. Tinaphunzitsidwa kulemba mawu a wodwala momwe wawanenera, osakonza, osakometsa, chifukwa matenda amaonekera m'mawumo.

"Amawerenga ndani?"

"Ine ndekha."

"Inu nokha." Anabwereza ngati mphunzitsi amene wapatsidwa yankho lokayikitsa. Potuluka anati ndimagwira bolopeni ngati khasu. Munthu wamwano. Koma walankhula.

Loweruka, 10 Juni

A Luhanga adya theka la mbale dzulo, lero mbale yonse, Kezia ndiye wanena. Ananena ngati ndi mlandu wanga.

Sindikumumvetsa mayi ameneyu. Mchimwene wake akuchira, iye nkhope ikuipiraipira. Ndinamumva pakhonde akuuza anthu obwera kudzazonda kuti usiku amalankhula yekha ndipo amaona anthu padenga. Bodza lamkunkhuniza. Ndafunsa mlonda, ndafunsa odwala anzawo, palibe wamvapo. Kapena akufuna munda wawo. Abale ena ndi otero.

Lamulungu, 11 Juni

Kutchalitchi. Benchi yonse yanga ndekha, anthu akupanikizana kumbuyo. A Chavula ndi mkulu wa mpingo, anapemphera pemphero lalitali lachitumbuka, ndinangomvapo Chiuta ndi ameni. Potuluka anandigwira chanza ndi nsonga za zala.

Ndachapa yunifolomu, siinaume.

Lolemba, 12 Juni

Lero zatuluka zonse. Sindinafunse zambiri, ndinangoti, "Tandiuzeni za tsiku lomwe munachoka ku Dowa."

Anapatsidwa masiku atatu. Pabolodi panatsala masamu omwe anati adzawamaliza mawa lake. Makolo ena omwe ana awo anawakhozetsa mayeso anaima pamsewu n'kumaseka. Njinga anamusiyira Ida kuti azipitira kuchigayo. Malume a ana anangoti, "Ana ndi athu, inu pitani kwanu." Zonsezi ananena ndi mawu ouma ngati akuwerenga rejisitala.

Kenako anafika pa Lena, wotsiriza, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Anali ndi dzino logwedera, ndipo bambo ake anamulonjeza kuti amuzula Loweruka ndi ulusi. Lole inabwera Lachisanu.

"Dzino lija anamuzula ndani?"

Apa ndiye analira. Kulira kwa bambo wamkulu, mapewa akugwedezeka. Sindinawagwire, sindinati pepani, sindinati Mulungu alipo. Ndinakhala pomwepo mpaka anamaliza. N'zovuta kuposa mmene a Chavula amaganizira.

Misozi itatha unabwera mkwiyo. Analoza chithunzi cha mtsogoleri wa dziko cha pakhoma chija, chomwe chili ngakhale m'kachipinda kanga ka matsache, n'kunena mawu. Ambiri. Anatchula dzina, anatchula chipani, ananena chomwe akufunira anthu amenewo. Muno sindilemba. M'fayilo ndalemba zonse liwu ndi liwu, masamba asanu ndi limodzi, dzanja mpaka kuwawa. Mkwiyo ndi wabwino, munthu wokwiya amakhala wayamba kufunanso moyo.

Pansi pake ndalemba maganizo anga m'Chingerezi: akudziwa tsiku, malo ndi anthu. Samva mawu a anthu osaoneka. Nzeru zawo zili bwinobwino. Si misala, ndi chisoni chachikulu. Ndadula mizere iwiri kunsi kwa "si misala".

Lachiwiri, 13 Juni

A Luhanga ameta ndevu. Ndawapatsa pepala kuti ayambe kalata kwa Ida, mizere itatu patsiku ikwana. Anati mphunzitsi salemba mizere itatu. Tagwirizananso kuti maganizo oipa aja akayandikira, auze ine kapena Kezia nthawi yomweyo, asadikire kuti kuche. Anandigwira chanza.

Ndinatuluka ndikuyenda ngati mwini chipatala. Ndiye poweruka ndikumva a Chavula akuuza dalaivala kuti ambulansi ya Lachiwiri likudzali ikatenge a Luhanga kupita ku Zomba. Masabata awiri sanakwane n'komwe! Ndinawatsatira mu ofesi mwawo.

"Munthu akudya, akugona, akulemba kalata. Ku Zomba akukatani?"

"Sisita, zina zisiyeni."

"Mwawaonapo kangati? Mwakhala nawo pansi ngakhale mphindi zisanu?"

"Ndati zisiyeni. Simukudziwa kuno."

Simukudziwa kuno, simukudziwa kuno. Nyimbo yawo miyezi inayi. Ndinathamangira kukachipinda kanga, ndinatenga fayilo, ndinaimenyetsa patebulo pawo mpaka botolo la inki linadumpha. "Werengani! Muone ngati awa ndi mawu a munthu wamisala!" Anatenga chipewa chawo n'kutuluka. Ndinaisiya pomwepo. Aiwerenge mawa, achite manyazi.

Lachitatu, 14 Juni

Tsiku la sikelo ya ana, ndinabwerekedwa kumeneko mpaka masana. A Thomson Mfune, tcheyamani wa chipani, anabwera kudzayezetsa magazi awo othamanga monga amachitira Lachitatu lililonse. Ndinawaona akutuluka, sanandipatse moni. Sindinadabwe, ndani amandipatsa moni kuno.

Lachinayi, 15 Juni



A Chavula anandiitana m'mawa. Anatseka chitseko, anakweza wailesi, n'kukokera mpando pafupi. Fayilo inali patebulo.

Dzulo a Mfune atafika, a Chavula anali kothandiza mayi wina wochira movutikira. A Mfune anakhala mu ofesimo okha theka la ola. Fayilo ili pamwamba, dzina la a Luhanga lili poyera. Anawerenga masamba onse asanu ndi limodzi, ndi mizere yanga iwiri ija. Anauza a Chavula kuti sangachitire mwina: akakhala chete, tsiku lina wina adzanena kuti tcheyamani anawerenga n'kubisa. Apita kale ku Boma. Apolisi abwera Lolemba.

Ndinakalipa. Ndinati bwanji simunaiike m'kabati, ofesi ndi yanu! Anati, "Ndimayesa mwalembamo za kudya ndi kugona. Sindinaitsegule. Zaka makumi atatu ndaphunzira kusawerenga zinthu."

Kenako anandiuza zomwe aliyense pano amadziwa kupatula ine. Mwezi watha, pamaliro kumudzi kwawo, a Luhanga anaimirira n'kunena mawu omwewa pamaso pa anthu. Akuluakulu anawagwira pakamwa n'kulengeza kuti mutu wasokonekera. Kuyambira pamenepo mudzi wonse wakhala ukusunga nkhani imodzi: Horace wapenga. Botolo lija linali loona, Kezia anachitadi mantha. Koma chingwe, ndi ngolo kudutsa dala pakati pa msika, zinali zoti anthu aone. Anthu a padenga a Kezia aja n'chimodzimodzi. Wamisala akatukwana, anthu amaseka. Wanzeru zake akatukwana, imabwera galimoto.

Ndipo ine ndinalemba ndi dzanja langa kuti nzeru zawo zili bwinobwino, n'kusainira.

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndiuze inu? Wa ku Ntcheu, wofika mwezi womwe aphunzitsi athu amatsitsidwa m'malole, woyenda ndi bolopeni paliponse? Mukanakhala ine mukananena?"

Ndinafuna kuwamenya ndi fayilo yomweyo. Ndinati tiiwotche. Anati tikawotcha, Lolemba galimoto itenga anthu atatu. Njira ndi imodzi: apolisi akafika apeze kuti katswiri wasintha maganizo, munthuyo ndi wamisala, akupita ku Zomba.

"Siginecha yanga siikwana," anatero. "Wa ku Zomba ndinu."

Ndimadana nawo bambo amenewa. Lero ndikudana nawo kwambiri chifukwa sanandinyoze ngakhale pang'ono.

Lachisanu, 16 Juni

A Chavula amati ndingolemba, wodwala asadziwe. Ndakana. Lonjezo ndinapereka ndine, ndipo ndaliphwanya ndine.

A Luhanga anabwera ndi kalata yawo yopita kwa Ida m'manja, masamba awiri, akufuna andiwerengere. Ndinati dikirani kaye. Ndinawauza zonse mwadongosolo: fayilo, tebulo, a Mfune, Lolemba. Sindinatchule za kukwiya kwanga ngati chodzikhululukira. Ndinati ndinalakwa, ndinaika mawu anu pomwe sindinayenera kuwaika.

Anapinda kalata ija kanayi.

"Munati inu nokha."

"Ndinatero."

"Anthu anandiuza kuti ndisalankhule nanu. Ndinawayankha kuti mwanayu alibe nzeru zokhalira kazitape." Anaseka pang'ono. "Ndinalondola."

Ndinawafotokozera njira ziwiri, popanda kukometsa. Ndikasiya fayilo momwe ilili, akupita komwe anthu sabwerako msanga, ena sabwerako n'komwe. Ndikalemba kuti ndi amisala, akupita ku Zomba miyezi ingapo, koma choko sadzachigwiranso, ndipo malume a ana apeza chonena mpaka kalekale. Ndinati sindilemba kanthu asanandilole.

Anaimirira. "Nkhupulika yayi," anatero, n'kutuluka.

Ndauza Kezia kuti asawachotse diso ngakhale mphindi imodzi. Masiku ngati awa ndiye oopsa.

Loweruka, 17 Juni

Kezia anandipeza pamjigo. Sanasamale kuti pali anthu.

"Tinamumanga ise kuti akhale na moyo. Imwe mwamumasula kuti afe. Sukulu yinu yikulu chomene, asisita. Yewo."

Amayi onse maso pa ine. Ndinali ndi mayankho khumi pakamwa, onse akuthwa. Ndinasenza ndowa yosadzaza n'kubwerera kunyumba. Ndipo ndimamuganizira kuti akufuna munda.

Lamulungu, 18 Juni

Sindinapite kutchalitchi. Masana ndinapita ku wodi, ndinawapeza a Luhanga akuwothera dzuwa kuseri, Kezia ali chapatali ndi zoluka zake. Ndinakhala pansi pa udzu pafupi nawo. Chete ndiye ndimamutha.

Patapita nthawi anafunsa osandiyang'ana, "Ku Zomba amalola makalata?"

"Amalola."

"Kwinako salola."

"Salola."

"Ndiye lembani. Lembani bwino, musachite zamanyazi. Wamisala amatani? Ndiuzeni, ndine wophunzira msanga."

Ndinawaphunzitsa. Ine, namwino wa boma, kuphunzitsa munthu wanzeru zake kupenga. Osakuwa, osavina, zimenezo n'za m'masewero a ana asukulu. Muziyankha mochedwa. Muzitembenukira kumbali ngati wina wakuitanani. Akafunsa tsiku, mutchule la chaka china.

Pomaliza ndinafunsa funso langa lija, chifukwa ndiyenera kufunsa. Anati, "Lero ayi. Ndikufuna ndione ngati Ida ayankhe." Sanandikhululukire, ndipo sindinapemphe.

Ndalemba tsamba lachisanu ndi chiwiri. Zizindikiro zonse ndazitenga m'buku la kusukulu. Kulemba kwanga sikunaonekepo kokongola chonchi.

Lolemba, 19 Juni

Anafika apolisi awiri, osavala yunifolomu, nsapato zopukutidwa. A Mfune pambuyo pawo, maso pansi. M'mawa ndinali nditawabaya a Luhanga theka la lagakitilo kuti lilime lilemere. Ndinabaya ndekha, sindinafune kuti a Chavula andichitire.

Wamkuluyo anali wa kwathu, ndinamva kalankhulidwe. Anakondwa kupeza mnzake. "Achemwali, mukupirira bwanji kuno?" Anawerenga fayilo yonse mwakachetechete, chala chikuyenda pamzere. Anaima pa mizere yanga iwiri.

"Apa mwalemba kuti si misala."

"Ndinalakwitsa, bwana. Matendawa amabisala. Tsamba lotsatiralo likufotokoza."

"Mwasintha a tcheyamani atawerenga."

"Ndasintha wodwala atayamba kuyankhana ndi anthu a padenga. Funsani mlongo wake, funsani msika wonse mmene anabwerera."

Anawaitanitsa. A Luhanga analowa akukoka miyendo, malovu pang'ono pakamwa. Anafunsidwa tsiku. Anadikira, anatembenukira kukhoma, anamvetsera, n'kunena kuti ndi Lachisanu ndipo ana atsegule tsamba 40. Wamng'onoyo anaseka. Ine ndinayang'ana pansi.

"Achemwali, inu ndinu wophunzira za zimenezi. Ndikufunsani kamodzi. Munthuyu ndi wamisala kapena ayi? Mukandinamiza, mukudziwa."

A Chavula anali pawindo atatipatsa msana. Kezia pakhomo.

"Ndi wamisala, bwana."

Ndinasainira, a Chavula anadinda chidindo. Fayilo atenga. Wamng'onoyo agona kwa a Mfune kuti aone ndi maso ake munthu akukwera ambulansi mawa.

Atapita, a Chavula anandibweretsera tiyi m'kapu yawo. Sindinamwe.

Lachiwiri, 20 Juni

Ambulansi inaima kutsogolo cha m'ma 7, chifunga chisanachoke. Wapolisi uja ndi a Mfune anali pansi pa mtengo wa mango, manja m'matumba, moyang'anizana ndi windo la kachipinda kanga. Kezia akupita nawo, katundu wake m'chitenje.

A Luhanga anapempha kulowa kwa ine kaye. Mankhwala anali atatha mphamvu, maso ali gwa. Ndinawapatsa kalata ya kwa asisita omwe anandiphunzitsa ku Zomba. Ndalembamo za chisoni, za botolo, ndi kuti asawachulutsire mankhwala. Zina sindinalembe.

Iwo anatulutsa ya Ida, yomata kale.

"Mukaponye nokha ku positi. Iyi musaisiye patebulo la munthu."

Ndinaiika m'thumba la yunifolomu. Ndinatsegula kabati kuti ndiwabwezere tayi. Anapukusa mutu, anati ndimusunge, kumene akupita savala. Anayang'ana m'kabatimo.

"Chingwe chija chilipo."

Ndinati sichikufunika, mukuyenda nokha bwinobwino.

"Ndinabwera womangidwa. Ndikapita manja ali lendelende, awo aganiza chiyani?"

Anatembenuka, anaika manja kumbuyo. Chingwe chinafupika pomwe ndinadula paja, koma chinakwana. Ndinazunguliza kawiri, mosamala, ndinasiya mpata wolowa chala.

"Limbitsani, Sisita. Akuyang'ana."

Ndinalimbitsa.